Kalata Imene Ndidamata ndi Phala la Chinangwa

Nzeru ya kabokosi kaja palibe adandipatsa. Ndidaitola ndekha pafoni, ndiye ngakhale nditafuna woloza chala, chalacho chimabwerera kwa ine ndemwe. Tsiku lina pa nthawi yopuma, kusukulu ya pulayimale kumene ndimaphunzitsa kufupi ndi Dwangwa, ndidaonera kanema wa mayi wina wakunja akukonza kabokosi kosazama kwenikweni, kokhala ndi galasi kutsogolo ngati felemu ya chithunzi. M'kati mwake ankamatamo tizidutswa ta mapepala akale, mabatani, lesi, makiyi adzimbiri, zinthu zoti kwathu kuno timasesera kudzala. Koma atamaliza chidatuluka chinthu chokongola, choti munthu n'kuima n'kumachiyang'ana. Tebulo lake lidalibe fumbi, manja ake sadade, ndipo ntchito yonse idatha ndisanamalize kumwa tiyi. Mumtima ndidati, ine amene ndimaphunzitsa ana odzaza kalasi kuluka timikeka ta mapepala, kabokosi kangandikanike?

Bambo adali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo chaka chimenecho abale tidagwirizana zowamangira chiliza kumudzi kwa amayi ku Kanyenda, sukulu zikatsekera. Achimwene adatenga mbali ya simenti ndi njerwa, achemwali ya chakudya cha anthu. Ine ndidafuna kubweretsa chinthu choti amayi azichiona tsiku ndi tsiku m'nyumba mwawo, poti kumanda munthu sapita kokacheza. Ndisanamenso, ndinkafuna kuti anthu akanene kuti mwana wamkazi wotsiriza uja sukulu idamupindulira.

Bambo adachokera ku Mulanje ali mnyamata kudzadula nzimbe, ndipo adadula nzimbe mpaka msana udakana. Atamwalira, abale awo adabwera n'kugawana katundu monga mwa mwambo: njinga, wailesi, jekete, nsapato, ngakhale chikwanje chimene chidatha ndi kunola. Chidatsala n'chitini chimodzi cha mabisiketi chimene amayi ankasunga pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo chidatsala chifukwa alendowo sankadziwa kuti chilipo.

Ndidakwera minibasi Loweruka lina kukachipempha. Amayi ndidawapeza akuyanika chinangwa pathandala, ndipo adandimvetsera mpaka kumapeto manja ali pantchito.

"Ukufuna uchite nazo chiyani kwenikweni?" adandifunsa.

"Ndiziike pabwino, amayi. M'galasi. Muzipachike pakhoma, aliyense wolowa aziona."

"Mmene zililimu zili poipa?"

"Sindikutero ayi. Koma m'chitini zimangobisika."

"Nanga si n'chifukwa chake zilipo."

Amayi ndi otero. Mawu awo ndi ochepa, koma amafika pafupa. Ndidawaonetsa kanema uja, adayang'ana pang'ono n'kundibwezera foni. Ndidalimbikira, ndidanyengerera, ndidatchula ndi adzukulu omwe amene sadawaone agogo awo aamuna. Pomaliza adasamba m'manja n'kulowa m'nyumba.

M'chitinimo mudali khadi la ntchito la bambo lokhala ndi kachithunzi kawo akadali ndi tsitsi lonse, mabatani anayi a ovololo, kandalama kakale ka tambala imodzi, mbedza ziwiri za nthawi imene adayesako usodzi ku Bua n'kuulephera, ndi kachidutswa ka chitenje choyamba chimene adawagulira amayi. Mudalinso masamba a fodya ouma, ofumbutuka, onunkha mpaka kuyetsemulitsa. Pansi penipeni padali kalata yopindidwa kanayi.

Nkhani ya kalatayo tonse tinkaidziwa, koma palibe mwa ife ana adaigwirapo. Ndili wakhanda, makolo athu adayambana kwambiri, amayi n'kutitenga kubwerera kwawo. Nthawi imeneyo bambo adali atangoyamba sukulu ya kwacha, ndipo m'malo motuma wina kuti awalembere, adang'amba tsamba la kope n'kulemba okha. Amayi sadziwa kuwerenga. Adawawerengera ndi malume kamodzi kokha, akuseka kalembedwe kake, ndipo kuyambira pamenepo amayi sadalolenso munthu kuiwerenga mokweza. Koma adalongedza n'kubwerera kwa amuna awo. Moyo wawo wonse bambo sadalembenso china kupatula kusaina dzina.

Amayi adandipatsa zinazo mosavuta, koma kalata adaigwira kanthawi.

"Zinazi ukataya n'zako," adatero. "Iyi ndi yanga. Uibweze mmene ilili. Fodyayonso usataye."

"Musadere nkhawa, amayi. Ikapita m'galasi sidzaonongekanso."

Nditafika kwanga, choyamba chimene ndidachita n'kukutumulira fodya uja panja, poti ankadetsa mapepala ndipo m'kanema muja mudalibe fodya. Sindidadzifunse kuti adamuikiramo chiyani. Safunsa adadya phula.

Kabokosi ndidakapangitsa kwa kalipentala wina wa pamsika, bambo wachikulire wovala kofia, waulemu kwambiri moti kumukalipira kumavuta. Matabwa adawalumikiza m'masiku awiri okha, kadatuluka kosalala, kakuya kwake ngati zala zitatu. Vuto lidali galasi. Adati la muyeso umenewo alibe, aitanitsa kuboma.

"Lifika liti?" ndidamufunsa.

"Mawa, madamu, inishala, Mulungu akalola."

Mawa lija lidatenga sabata. Litafika galasilo lidakula ndi kachala kamodzi, lidakana kulowa m'mphako mwake. Poyesa kulichepetsa lidang'aluka pakati. Lachiwiri lidasweka m'minibasi, kondakitala atalitsamiritsa thumba la mpunga. Kalipentala uja adandifotokozera zonsezi modekha, akupala thabwa la wina, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Ine ndinkangomeza mate kuti pakamwa pasatuluke zosayenera mphunzitsi.

Podikira galasi ndidayamba ntchito ya m'kati, ndipo apa mpamene ndidadziwa kuti kanema amanama. Mwera unkawomba masiku amenewo, ndiye ndikangoyala tizidutswa patebulo, wina akatsegula chitseko tonse pansi. Ndikatseka mawindo ndinkasowa kuwala. Ndidadula pepala lakhaki la thumba la shuga kuti likhale kumbuyo, poti moyo wa bambo udali shuga yemweyo, koma lidapindika ngati tsamba la nthochi louma. Mabatani ankagubuduka. Mbedza idandibaya kawiri chala chimodzimodzi. Ndikaika khadi kumanja, kumanzere kunkaoneka kopanda kanthu. Ndikalisuntha, chitenje chinkaphimba nkhope ya bambo. Ndidasanja n'kuphwasula kosawerengeka.

Amuna anga ankadutsa n'kusuzumira.

"Dzala la m'galasi lija lafika pati?"

"Inu, ndisiyeni."

"Ayi, ndangofunsa. Mwina tikupatseniko ndi makala a batire, tili nawo ambiri kuseri."

Ndidawayang'ana diso limodzi, adatuluka akuseka.

Chidandisowetsa mtendere kwambiri ndi chomatira. Mayi wa m'kanema adali ndi guluu woyera wa m'kabotolo, amene ankapaka kumbuyo kwa pepala kenako pamwamba pake, pepala n'kuwala ngati lapakidwa vanishi. Ndidazungulira masitolo onse a pa Dwangwa ndikuonetsa chithunzi cha kabotoloko. Wina adandipatsa guluu wa nsapato. Wina adanditulutsira wa timachubu uja womata zala. Wachitatu adapeza wa mapepala, koma nditatsegula kunyumba adali atauma gwa. Kalipentala adandigawirako wa matabwa, ndidayesa pa pepala wamba, lidachita makwinya n'kusanduka lachikasu. Kalata ya amayi sindikadaiyandikizako.

Ndiye ndidakumbukira chimene tonse kuno tidakula nacho. Kusukulu tikafuna kumata zithunzi pakhoma kapena kukuta makope, sitigula kanthu; timaphika phala la ufa wa chinangwa, lomwe lija la kondowole koma lamadzimadzi. Ndidamata nalo ndili mwana, ndipo ana anga a m'kalasi amamata nalo mpaka lero. Ndidasefa ufa kawiri, ndidauphika pamoto wochepa mpaka udachita mbee ngati sitachi, n'kuusefanso pansalu. Nditayesa pa pepala la shuga lija, lidagona tambalale, lopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Ndidadzimenya pachifuwa. Ndidati azungu ndi timabotolo tawo, ife tili nazo zathu m'nkhokwe.

Kalata ndidaisiya komalizira. Ndidaifunyulula pang'onopang'ono, poti m'mapindo idali itayamba kutha. Aka kadali koyamba kuona zolemba za bambo. Zilembo zidali zazikuluzikulu, zina zopendekera kutsogolo zina kumbuyo, mawu ena olumikizana pomwe sayenera. Ndidawerenga kamodzi, misozi idatseka maso, sindidabwerezenso. Ndimakumbukira kuti adalemba kuti wolakwa ndi iwo, kuti nyumba afolera, ndiponso kuti nkhuku za amayi zilipo zonse kupatula imodzi imene adadya chifukwa chosowa ndiwo. Padali mizere ina isanu kapena isanu ndi umodzi imene ndidati ndidzaiwerenga bwino ikakhala m'galasi.

Ndidaiwongola ndi simbi yofunda, nditayala nsalu pamwamba. Kenako ndidapaka phala kumbuyo konse, kuchokera pakona kufika pakona monga ndimawauzira ana, n'kuimata pa chikatoni cholimba kuti itukuke pang'ono pakati pa kabokosi. Ndipo poti mayi uja ankapakanso pamwamba, ine ndidasungunula phala lina, n'kulipaka mopyapyala pankhope pa kalata yonse ndi nthenga ya nkhuku. Inki siidayenderere. Itauma idawala pang'ono, zilembo zidaoneka zakuda kuposa kale. Mabatani ndidawasokerera m'munsi mwake, mbedza ndidazikoleka pa chitenje, khadi kumwamba, kandalama pakona. Kunena zoona kadakongola, mpaka amuna anga adasiya nthabwala n'kuima kanthawi manja ali kumbuyo. Ndidakajambula ndi foni ndili chapatali kuti kaoneke konse, n'kutumizira achemwali.

Chidatsala ndi galasi basi. Ndidapitanso kumsika.

"Galasi lachitatuli ndikatenga ndekha, madamu, silikwera minibasi ayi. Mawa, inishala."

Koma mawa lakelo ine ndidali paulendo. Adatiitana aphunzitsi kumaphunziro a masiku anayi kuboma, okana sadalipo. Kabokosi ndidakaika pamwamba pa kabati, pomwe ana safika, n'kukavundikira ndi chitenje kuti fumbi lisalowe. Ndidawalangiza amuna anga kuti munthu asakakhudze, ndipo adamvera ndithu, palibe adakakhudza.

Ndidabwerera Lachisanu masana. Ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndidakwera pampando n'kutsitsa kabokosi. Nditavundukula chitenje, mphemvu zidabalalika, zina kutsika ndi mkono wanga, zazikulu zofiira zija ndi tiana tawo. Ndidakuwa, koma sikudali kuopa mphemvu. Ndidali nditaona kale.

Zidadya phala, ndipo podya phala zidadya ndi kalata yomwe. Sizidaibowole ngati mmene njenjete zimachitira. Zidaipala pamwamba, mosamala, mzere ndi mzere, paliponse pomwe nthenga yanga idadutsa. Pomwe padali mawu padatsala pepala loyera lonyenyeka, pena chikatoni chenicheni, ndi timanyi tawo takuda tili mbwee. Kumwamba kudatsala theka la liwu loyamba. Chapakati padatsala "nkhu" ndi "imodzi". Kumunsi, pomwe adasaina, kudalibe kanthu. Mabatani adali bwinobwino, mbedza bwinobwino, kandalama kali phee pakona pake, nkhope ya bambo pakhadi ikundiyang'ana. Chinthu chokhacho chimene amayi adati ndi chawo ndicho chidapita.

Ndidakhala pansi pasimenti. Ndidatukwana mphemvu, ndidatukwana kalipentala, kondakitala, thumba la mpunga, mayi wa m'kanema ndi dziko lake lopanda mphemvu. Nditatha onsewo ndidatsala ndekha. Ndi kangati ndidapeza zithunzi za pakhoma la kalasi zitadyeka m'mbali potsegulira sukulu? Chaka chilichonse timazichotsa n'kumata zina, osaganizako kawiri, chifukwa ndi zithunzi za m'nyuzipepala. Ndinkadziwa. Kungoti sindidaganize. Ndipo fodya uja ndidataya ndi amene ankathamangitsa tizilombo m'chitini zaka zonsezi.

Ndidatsegula foni kuti mwina chithunzi chija chindipulumutse. Ndidachikulitsa ndi zala mpaka pomwe chidakanira. Mabatani ankawerengeka, koma kalata idali timizere totuwa, osatulukamo liwu ndi limodzi lomwe.

Ndili pomwepo kudamveka odi pakhomo. Adali kalipentala, galasi ali nalo m'khwapa atalikulunga m'nyuzipepala, nkhope ili mwee.

"Lafika, madamu! Ndidanena ine. Ili ndiye lolowa ngati lidabadwira momwemo."

Ndidalilandira ndi manja awiri n'kuthokoza, chifukwa ndikadatsegula pakamwa kunena china, bwenzi nkhani itafika kwa mfumu. Adandifunsa ngati kunyumba kuno kwagwa zovuta. Ndidati ayi, ndi chimfine.

Kudatsala masiku atatu kuti tipite ku chiliza. Amuna anga ataona adagwira pakamwa, kenako adati, "Madzi akatayika saoleka. Pita ukawauze mayi chilungamo, akakalipa atopa."

"Simuwadziwa amayi inu. Sakalipa."

"Nanga utani?"

Chimene ndidachita ndimachita nacho manyazi kuposa phala lija. Ndidaganiza kuti amayi sadziwa kuwerenga, maso awonso adayamba kuchita chifunga, ndipo kalata ikakhala kuseri kwa galasi, pakhoma, ndani angaizindikire? Ndidafunafuna kope lakale m'katoni ya mabuku, ndidang'amba masamba, ndidawaviika m'tiyi wopanda mkaka n'kuwayanika padzuwa. Ndidawapinda kanayi n'kuwakhalira. Kenako ndidayamba kulemba ndi dzanja lamanzere kuti zilembo zipendeke ngati za bambo.

Zidandivuta kuposa mmene ndinkaganizira. Dzanja la mphunzitsi, ngakhale lamanzere, limafuna kuwongola mzere. Ndikalakwitsa dala, kulakwitsako kunkaoneka kwadala. Ndipo mawu ndidalibe. Za kulakwa, za denga ndi za nkhuku ndidalemba, koma mizere inayo ndidachita kupeka. Ndidawaikira bambo anga m'kamwa mawu achikondi amene mwina sadawanenepo, kenako ndidafufuta poona kuti akukoma kwambiri, n'kuika ena osakoma. Ndidataya masamba khumi. La khumi ndi chimodzi ndidati basi, likhale lomweli.

Zotsala za kalata yeniyeni ndidazichotsa pamodzi ndi chikatoni chake, poti sizikadamatuka, n'kuziika mu envelopu m'chikwama changa. Yabodzayo ndidaimata m'makona mokha ndi kadontho ka guluu wa matabwa. Ndidapukuta m'kati monse, ndidalowetsa galasi, ndidakhoma timisomali kumbuyo. Chondipsetsa mtima n'chakuti kabokosi kadaoneka bwino kuposa poyamba.

Tidafika ku Kanyenda m'mawa wa tsiku loti mawa lake ndi chiliza. Pabwalo padali piringupiringu, amayi a m'mudzi akupeta mpunga, ena akuwaza nkhuni, achimwene akukangana ndi mmisiri za mchenga. Achemwali atangondiona adalanda chikwama chimene ndidakulungiramo kabokosi n'kukatulutsa.

"Ee, koma ndiye mwana iwe! Taonani, anthuni, bambo athu awa! Amayi, tabwerani mudzaone zimene wachita mwana wanu!"

Azimayi adaunjikana, ena akuloza mabatani, ena akufunsa ngati ndingawapangire kawo. Ine ndinkamwetulira mano okha. Amayi adabwera akupukuta manja pachitenje, adakalandira, adakayang'ana nthawi yaitali. Kenako adati, "Tiye m'nyumba," ndipo ndidawatsatira ngati mwana woti waswa mtsuko.

Adakhala pabedi, kabokosi pamiyendo.

"Tsegula."

"Amayi, n'kokhoma ndi misomali. Kakatsegulidwa fumbi lilowa."

"Ndamva. Tsegula."

Ndidatenga mpeni n'kuzula timisomali tija kamodzikamodzi. Nditachotsa galasi, amayi sadaiyang'anenso kalatayo. Adalowetsa chala kuseri kwa pepala, pakati pa makona omatawo, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono, maso ali kudenga. Adachiyendetsa kamodzi, kawiri. Adachitulutsa.

"Iyi si yanga."

Sadafunse. Adangonena, ngati mmene munthu amanenera kuti mbuzi iyi si ya khola lino.

Ndidagwada pansi n'kuulula zonse, za phala, za galasi, za masiku anayi, za mphemvu, za tiyi ndi dzanja lamanzere. Ndinkalankhula mothamanga, ndikulira, ndikubwereza kuti galasi likadafika nthawi yake sibwenzi zitachitika. Amayi adandisiya mpaka mawu adandithera.

"Yanga ili kuti?"

Ndidatulutsa envelopu. Adasolola chikatoni chija, adayang'ana pomwe padadyekapo mosakhalitsa, kenako adachitembenuza. Kumbuyo kudali chikatoni chokhachokha, chosalala, cholembedwa dzina la sopo. Adachisisita ndi chala chachikulu.

"Wamata kuseri konse?"

"Eya, amayi. Kuti igone bwino."

Adagwedeza mutu pang'ono.

"Bambo ako bolopeni ankaigwira ngati chikwanje," adatero. "Ankakanikiza mpaka kuseri kwa pepala kudatupa timizere. Iwe umati zaka zonsezi ndinkaiwerenga bwanji? Ndinkaitembenuza n'kuyendetsa chala. Ndinkadziwa pomwe adayambira, pomwe dzanja lidatopa, pomwe adafufuta. Dzina langa lidali apa, pomwe adaboola pepala pang'ono."

Adaloza pachikatoni, chakumwamba kumanzere, pomwe padalibe chilichonse.

"Amayi, mphemvu zija..."

"Mphemvu usazinamizire. Zadya kwa inu odziwa kuwerenga. Kwanga zidapeza utatseka kale."

Masabata onse aja ndinkalimbana ndi galasi, ndinkapsera mtima kalipentala, kenako n'kumaganiza kuti kalatayo idaonongeka ndili kuboma. Chonsecho ndidaiononga ndekha patebulo langa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndikudziyamikira. Ngakhale kukadakhala kopanda mphemvu ndi imodzi yomwe, ndikadawabweretsera amayi chinthu choti sangachigwirenso, n'kumayembekeza kuti andithokoze.

Panja achemwali ankaitana kuti titulutse kabokosi, alendo ena afika akufuna kuona. Amayi adanyamula chikatonicho. Adayandikira kuwindo komwe kudali kuwala, adanyowetsa chala ndi mate, n'kuyamba kukanda chikatoni chija kumbuyo ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, kachidutswa kamodzikamodzi, kuti mwina afike papepala. Ndinkadziwa kuti safika, ndipo akafika sapezapo kanthu.

"Bweretsani ndikuthandizeni, amayi," ndidatero ndikutambasula dzanja.

Adasuntha chikatonicho kuchiika mbali ina ya miyendo yawo, kutali ndi ine, osandiyang'ana.

"Wathandiza kale. Pita ukalandire alendo."

Ndidatuluka n'kutseka chitseko, iwo akukandabe.